Kwa a Kabokosi a pa Fomu ya m'Foni

Wynberg, Cape Town

Okondedwa a Kabokosi,

Kalata iyi ndakhala nayo kukhosi miyezi ingapo, koma ndinkazengereza poopa kuti mungowerenga mawu awiri oyamba n'kufiira nkhope monga mwa chizolowezi chanu. Lero ndalimba mtima chifukwa ndikulemba papepala, pomwe palibe wondiwerengera zilembo. Muli bwanji m'galasimo? Ine kuno ndilipo, kungoti mphepo ija ya m'chilimwe yayambanso kutithira mchenga m'maso pa Main Road.

Simundidziwa ngakhale timaonana kangapo pa tsiku. Ndimakonza mafoni pa kakauntala kena kufupi ndi siteshoni ya sitima, pomwe anyamata oitanira matekisi amakuwa kuyambira mbandakucha. Ntchito yanga yeniyeni ndi kusintha masikirini osweka ndi mabatire otupa. Koma Loweruka ndi Lamulungu, anzathu a kumudzi akatsika kuchokera m'minda ya maluwa ya ku Constantia ndi m'makhitchini a ku Kenilworth ndi Plumstead, pamabwera ntchito ina yosalipidwa. Munthu amangoika foni pakauntala n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tandionerani, chikukana." Sanena kuti ndalakwitsa, sanenanso kuti foni yafa. Amati chikukana. Ndikayang'ana, ndimapeza ndinu, mwazunguliridwa ndi mzere wofiira, muli duu.

Ndisanapitirire, ndikudziwa kuti inu ndinu wotumidwa chabe. Mwana wa mlongo wanga amapanga ma app ku Johannesburg, ndipo nditamudandaulira anandiseka. Anati, "Malume, kabokosi kalibe mlandu. Kamavala zimene takaveka, kamayankhula zimene takauza." Ndinamva. Komatu kwathu nkhani ya m'banja sitithamangira nayo kwa eni ake, timadzera kwa ankhoswe. Amene amakuvekaniwo sindinawaonepo ndipo sadzafika pa kauntala yanga. Inu ndi amene ndimakuonani, ndiye mundisenzere mawuwa, mukawatule bwinobwino.

Ndiyambe ndi madala ena a ku Nkhata Bay amene amasamala kapinga ndi maluwa kwa azungu ena ku Constantia. Anabwera Lamulungu lina masana mu November 2023, patangopita masiku ochepa kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Mayi a kunyumba anali atawaimbira kuti feteleza akukwera ngati utsi, atumize ndalama lero lomwe mawa lisanadze ndi mtengo wina. Foni yawo inali ndi mng'alu kuchokera pangodya mpaka pakati, ndipo kuwala anali atachepetsa kuti batire ifike madzulo. Dzuwa linali pamutu. Anatsegula app yotumizira ndalama, n'kuiyandikitsa kumaso, n'kuitalikitsa, kenaka n'kuitchinga ndi chipewa. Inu munalipo asanu mutandandalikana, aliyense ali ndi timawu totuwa mkati, totuwa ngati phulusa lothira pa nsalu yoyera. Atadina woyamba, timawu tija tinazimirira. Analemba zilembo zitatu, wina anawapatsa moni, ndipo atabweza maso anandifunsa, "Paja apa anati ndilembe chani?" Kuti aonenso funso, anayenera kufufuta yankho.

A Kabokosi, ndi mlembi wanji amene amafunsa funso monong'ona, ndipo munthu akangotsegula pakamwa iye n'kubisa pepala la funsolo? Ndikudziwa chifukwa chake amakuvekani choncho. Mumaoneka waudongo, fomu imafupika, ndipo pa sikirini yaikulu ya mu ofesi yozizira bwino, phulusa lija limawerengeka. Koma zimenezi anthu anazikambirana kale n'kugwirizana. Bungwe la W3C, limene limaika malamulo a kayendetsedwe ka masamba a pa intaneti, linatulutsa ndondomeko yotchedwa WCAG 2.0 mu 2008, ndipo muli muyeso wake: zilembo wamba zisiyane ndi pamene zalembedwapo mosachepera 4.5 kwa 1. Mu 2018 anawonjezera kuti ngakhale mzere umene umasonyeza malire anu uzioneka, 3 kwa 1. Mu 2013 mmisiri wina, Matt D. Smith, anaonetsa njira yoti dzina la kabokosi lisamathawe koma lizikwera pamwamba munthu akayamba kulemba, ndipo a Google anaitengera mu Material Design yawo imene inatuluka mu 2014. Ndi nzeru yabwino ndithu, ngakhale kuti likakwera pamwambapo nthawi zina limachepa ngati nyerere. Ine ndikanakonda dzina lanu lingokhala panja, pamwamba panu, lakuda bii, osasuntha, monga chikwangwani cha golosale.

Chala cha madala aja ndinachiyang'anitsitsa tsiku limenelo. Chala chachikulu chophwanyalala, chong'aluka ndi dothi, chikhadabo cholimba ngati chikamba cha nkhono. Akafuna inu wachiwiri ankakhudza wachitatu. A Apple amalangiza kuti podina pasachepere 44 m'litali ndi m'lifupi pa miyeso yawo, a Google amati 48 pa yawo. Amene anakuvekani pa fomu imeneyo anakupanikizani ngati anthu a m'minibasi ya ku Area 25, mwina ankayesera ndi kachala kake kosalala kodziwa kiyibodi yokha.

Tinafika pa nambala ya foni ya wolandira. Madala anaitchula pamtima monga timatchulira tonse, m'timagulu, kupuma pakati, ndipo analemba momwemo, kusiya mpata pamene mawu apumira. Inu psuu, kufiira. Pansi panu panatuluka liwu limodzi la Chingerezi: "Invalid". Anandifunsa tanthauzo lake. Ndinafuna kuseka, chifukwa m'dikishonale imene ndinkaphunzitsira kale, liwu lomweli limatanthauzanso munthu wodwala wosatha kudzuka pamphasa. Ndinangoti, "Akuti nambala siili bwino." Iwo anakwiya pang'ono. "Nambala ya mkazi wanga ndingaiwale ine?" Sanaiwale. Nambala inali yoona kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chimene munakana ndi mipata. Titachotsa mipata munakananso, tsopano chifukwa cha ziro, poti kutsogolo kunali kale +265 ndipo nambala ya ku Malawi ikavala +265 imavula ziro n'kutsala ndi manambala asanu ndi anayi. Zonsezi inu munkazidziwa. Munkadziwa kuti mukufuna asanu ndi anayi, munaona kuti alemba khumi, munaona kuti woyamba ndi ziro. Chinakuvutani n'chiyani kunena kuti, "Chotsani ziro woyambayo"? Kapenanso kungomuchotsa nokha mwakachetechete, monga amachitira wogulitsa tomato akaona ndalama yopindika, amangoiwongola osamubwezera wogula kuti akasite?

Mwana wa mlongo wanga uja akuti kuchotsa mipata ndi ziro ndi ntchito ya mzere umodzi kapena iwiri, ndipo a Google anapereka kwaulere chida chotchedwa libphonenumber chimene chimadziwa kalembedwe ka manambala a mayiko onse, Malawi yemwe. Anandiuzanso za Jon Postel, mmodzi wa amene anayala maziko a intaneti, yemwe mu 1980 analangiza opanga makina kuti azikhwimitsa zimene iwo akutumiza koma azilandira mofatsa zimene ena awatumizira. Ndinamuyankha kuti agogo ake ankadziwa zimenezo asanaone magetsi: mlendo akapatsa moni molakwitsa chinenero, sumuuza kuti abwerere kumsewu akayambirenso.

Palinso khalidwe lina limene mundikhululukire, ndilitchula. Mumafulumira kukalipa. Munthu wangolemba chilembo choyamba cha imelo, inu mwafiira kale, eti imelo yolakwika. Inde ndi yolakwika, poti sinathe! Mwana akungoyamba kuti "Ndi...", mphunzitsi wakweza kale ndodo. Luke Wroblewski, amene analemba buku lonse la mafomu mu 2008, anachita kafukufuku chaka chotsatira pamodzi ndi kampani ya ku London yotchedwa Etre. Anapeza kuti kuuza munthu pompopompo, kabokosi ndi kabokosi, kumathandiza ndithu: omaliza fomu bwinobwino anachuluka ndi 22 peresenti ndipo nthawi inafupika ndi 42 peresenti poyerekeza ndi kudikira mpaka kumapeto. Koma anapezanso kuti phindulo limabwera kabokosi kakadikira munthu amalize kulemba. Kumudzudzula ali mkati kumangomusokoneza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, a Kabokosi. Mulekeni munthu atsirize, achoke pa inu, ndiye muyankhule. Koma akabwerera kudzakonza, kufiira kuchoke msanga akangokonza, musamusungire mkwiyo.

Abale anu ena amachita zosiyana ndi zimenezi, ndipo sindidziwa kuti oipa kwambiri ndi ati. Amakhala chete mpaka munthu adine batani lotumiza, kenaka cholakwa n'kukabisala pamwamba penipeni kapena kuseri kwa kiyibodi, munthu n'kumangodina batani ngati akugogoda pa nyumba yopanda anthu. Ena amafufuta zonse chifukwa cha cholakwa chimodzi, uyambirenso dzina, bandulo ikutha. Ena netiweki ikagwa amaloza chala wolemba. WCAG 2.2 ya mu October 2023 inachita kulemba kuti munthu asafunsidwe kawiri chinthu chimene wapereka kale pa ulendo womwewo. Zomvetsa chisoni kuti zoterezi zimafuna lamulo.

Za mtundu wofiirawo ndinene pang'ono. Si onse amauona. John Dalton anafotokoza za vuto lake losasiyanitsa mitundu pamaso pa anzake ku Manchester mu 1794, ndipo pakati pa azungu a kumpoto kwa Ulaya limagwira pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 12 alionse. Kwathu aliponso, ambiri sadziwa n'komwe. Amene saona amamvera foni ikuwawerengera kudzera pa TalkBack kapena VoiceOver, ndipo mzere wofiira ulibe mawu oti uwerengedwe. Ngakhale wa maso abwino, pa dzuwa la pa siteshoni ya Wynberg ndi sikirini yochepetsedwa kuwala, kamzere kofiira kopyapyala ndi kotuwa n'chimodzimodzi. Ikani mawu. Ikani ndi kachizindikiro pambali. Kufiira kukhale ndiwo, nsima ikhale mawu.

Tsopano ndifike pa changa, chimene chinandilembetsa kalatayi.

Dzina la makolo anga lili ndi nkhodolero, kachizindikiro kaja kolendewera pamwamba, monga mu Ng'oma, Ng'ambi kapena M'bwana. Ndakhala nalo zaka zoposa 50. Ana asukulu analitchula, abusa analitchula pa ukwati wanga, lili pamwala wa manda a bambo anga. Tsiku lina usiku ndili m'kachipinda kanga, ndikulembetsa pa app ina, ndinalilemba bwinobwino, ndipo inu munandiuza kuti ndilembe dzina lenileni. Ndinakhala kaye chete. Ndinafufuta, ndinalembanso pang'onopang'ono ngati mwana wa Sitandade 1. Munabwereza mawu omwewo. Nditachotsa nkhodolero munasanduka wobiriwira, kachizindikiro kokhoza pambali, ngati mukundiyamikira kuti tsopano ndanena zoona.

Mwina kwa inu ndi kadontho chabe. Kwa ife ng'oma ndi ija timaimba pa gule, ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana, kapena gule wa Angoni. Lilime limagunda mosiyana, khutu limamva mosiyana. Si ife tokha. Maina a Ngũgĩ wa Thiong'o ndi Lupita Nyong'o a ku Kenya ali nako, a O'Brien a ku Ireland ndi a D'Angelo a ku Italy akhala akulira nako kuyambira kale. Chifukwa chake ndinachimva: m'chinenero cha SQL, chimene makompyuta amafunsira nkhokwe zawo za maina, kachizindikiroka kamatanthauza kuti mawu athera pano, ndipo akuba amakagwiritsa ntchito pothyola nkhokwezo. Koma njira yotsekera khomo limenelo popanda kuthamangitsa eni maina inapezeka kalekale, ndipo mmisiri aliyense woidziwa ntchito amaidziwa. Amene amangoletsa nkhodolero akuotcha nkhokwe chifukwa cha khoswe. Pena mumalandira nkhodolero yowongoka n'kukana yopindika, chonsecho kuyambira 2017 mafoni a iPhone amaika yopindikayo okha munthu osawapempha. Wolembayo amaona chizindikiro chimodzi, inu mumaona ziwiri, ndipo simumuuza.

Za ŵ wovala chipewa, uja wa mu Malaŵi, sindichita kudandaula kwambiri, poti ngakhale ife eni ake ambiri tinamuvula chipewacho. Komabe dziwani kuti malo ake alipo. ASCII ya mu 1963 inali ndi malo 128 okha ndipo iye munalibe, koma Unicode, imene inayamba mu 1991, inamupatsa nambala yakeyake, U+0175, ndipo anthu a ku Wales amamugwiritsanso ntchito. Mukamusandutsa kabokosi kopanda kanthu kapena mfunsiro, si kuti malo asowa.

Bambo anga anapita kumigodi ya ku Joni m'zaka za m'ma 1960. Ankatiuza kuti atafika pa tebulo, kalaliki wina anawafunsa dzina, analemba mmene khutu lake linamvera, n'kuwadindisa chala. Dzina lopotokalo anayenda nalo zaka zonse za kumgodi, malipiro ankalandirira lomwelo, ndipo akaliitana ankayankha. Ankaseka pofotokoza, koma sankaseka ndi maso. Usiku uja nditachotsa nkhodolero kuti inu mukondwe, ndinawakumbukira. Ndinapita kukatenga pasipoti yanga kuti ndidzitonthoze, ndipo ndinapeza kuti pa mizere iwiri ya pansi, ija imawerengedwa ndi makina pa bodala, nkhodolero palibenso. Malamulo a ICAO amati ichotsedwe pamenepo. Koma pasipoti ili ndi ulemu: pansi yalembera makina, pamwamba yalembera anthu, dzina lonse lathunthu. Inunso mukhoza kutero. Ngati nkhokwe yanu ili ndi vuto, nenani kuti vuto ndi lanu: "Pepani, makina athu satha kusunga chizindikiro ichi, lembani popanda icho." Ndingamve, ndipo ndingakhululuke. Koma musandiuze kuti dzina langa si dzina.

Ndipo sizithera pa ulemu pokha. Ndinatumizapo ndalama kwa mlongo wanga dzina lake nditalidula nkhodolero chifukwa cha inu, ndipo wopereka ndalama kumudzi anayang'ana chiphaso, anayang'ana foni, n'kunena kuti maina akusiyana. Anabwerera wapansi ulendo wa maola awiri, chimanjamanja.

Zina ndingodutsamo mothamanga. Adiresi ya kuno ndimaidziwa, Wynberg 7800, mumailandira mosavuta. Koma mukafunsa ya wolandira mumafuna nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, pomwe kwathu timati mudzi wakuti, T/A Kachere, Dedza, ndipo kamzere kopendekera ka mu T/A nakonso mumakakana. Tsiku lobadwa mumatipatsa kalendala yoyambira mwezi uno, kuti munthu wobadwa mu 1958 abwerere m'mbuyo mwezi ndi mwezi mpaka chala chichite dzanzi. Nanga amene amangodziwa kuti anabadwa chaka cha njala ya 1949?

Pa nambala ya chiphaso pokha ndiimepo. Ya kuno ku South Africa ili ndi manambala 13, ndipo ndi yokonzedwa mwaluso: asanu ndi limodzi oyamba ndi tsiku lobadwa, anayi otsatira amasonyeza ngati ndi mkazi, kuyambira 0000 mpaka 4999, kapena mwamuna, 5000 mpaka 9999, wa 11 amanena ngati ndi nzika kapena wololedwa kukhazikika, ndipo womaliza ndi mlonda wa onsewo. Ife ambiri tilibe. Tili ndi pasipoti imene imayamba ndi zilembo, ndi chiphaso cha unzika cha NRB chimene tinajambulitsa mu 2017, cha zilembo ndi manambala zosakaniza zisanu ndi zitatu. Lamulo la FICA la mu 2001 limafuna kuti osunga ndi otumiza ndalama adziwe kasitomala wawo, ndipo ine sinditsutsa. Koma pali mafomu amene pamwamba amavomera kuti wa pasipoti alembetse, kenaka inu n'kutulutsa kiyibodi ya manambala okhaokha. Munthu ayang'ana chilembo choyamba cha pasipoti yake, ayang'ana kiyibodi, palibe. Simunamukane ndi mawu. Mwangochotsa chitseko n'kusiya khoma. Munthu amene amayenda kale mwamantha m'dziko la eni, akaona zotere safunsa kuti fomu yalakwika pati. Amangoti basi, sakutifuna, n'kukapereka ndalama zake kwa wa basi kapena wa thiraki amene samudziwa bwino.

Musaganize kuti ndabwera ndi madandaulo okhaokha. Mlonda uja wa kumapeto kwa nambala anandipulumutsapo. Hans Peter Luhn, katswiri wa ku IBM, anapeza kawerengedwe kake mu 1954, ndipo lero kali pa makhadi a kubanki ndi pa ziphaso za kuno. Ukalakwitsa nambala imodzi kamagwira. Ukasinthanitsa awiri oyandikana kamagwiranso, kupatula 09 ndi 90 amene amakazemba. Tsiku lina ndili ndi tulo ndinalemba 7 pamalo pa 1 pa nambala ya khadi, ndipo inu munandiimitsa musanatumize kalikonse, munati ndionenso nambalayo. Ndinaona, ndinakonza, ndinakuthokozani mumtima. Pamenepo munafiira moyenera. Sindikupempha kuti muzingovomera chilichonse ngati mkamwini wamantha. Ndalama za feteleza zikapita kwa munthu wolakwika chifukwa chosowa ziro mmodzi wa pakati, madala aja sangakuyamikeni kuti munali ofatsa.

Pali chimene sindinakuuzeni, chifukwa chake anthu kuno amanditchula aphunzitsi. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi mothamanga, ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo, mnyamata wongomaliza Folomu 4. Anandipatsa kalasi ya ana oposa 100 pa sukulu ina ku Dedza, choko, buku la mayankho, ndi cholembera chofiira. Cholembera chimenecho ndinkachikonda kuposa nsapato zanga. Ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mulu wa makope, dzanja likuyenda lokha: chokhoza, cholakwa, cholakwa, chokhoza. Sindinkalemba chifukwa. Nthawi inalibe, ndinkadziuza choncho.

Kunali kamtsikana kena mu Sitandade 5, kochepa thupi, kokhala kutsogolo pansi pa bolodi. Funso linali la kugawa, ndipo buku linati yankho ndi 1/2. Iko kanalemba 0.5, poti mchimwene wake wa kusekondale anali atakaphunzitsa kunyumba. Maso anga anafuna 1/2, sanaipeze, dzanja linadula mtanda waukulu wofiira. Pa nthawi yopuma kanabwera ndi kope lake, kanagwada, n'kufunsa motsitsa mawu, "Aphunzitsi, ndalakwa pati?" Ndinali ndi makope 60 otsala. Sindinayang'ane n'komwe. Ndinati, "Kabwerezenso." Kanapita, kanabwereza, kanabweranso ndi 0.5 yemweyo atalembedwa mokongola kuposa poyamba, poganiza kuti mwina vuto ndi kalembedwe. Ndinadulanso. Ndinadzazindikira madzulo ndili kunyumba, ndipo manyazi anandiletsa kukakauza m'mawa mwake pamaso pa anzake. Sikanabwerenso kudzafunsa chilichonse chaka chonsecho. Kankangolandira kope, kuyang'ana zofiira, kutseka.

Ndiye mukaona ndikukulemberani modzichepetsa, si mwambo wa kalata chabe. Pamene madala aja anati nambala ya mkazi wanga ndingaiwale ine, ndinamva mawu a kamtsikana kaja. Mipata m'nambala ndi 0.5. Ine ndinali kabokosi zaka zingapo inu musanabadwe, ndipo ndinali ndi maso, makutu ndi mtima, zimene inu mulibe. Ine ndinkanamizira kuchuluka kwa makope. Inu simutopa, simumva njala, mulibe makope 60 otsala. Mawu asanu ofotokoza cholakwa amalembedwa kamodzi kokha ndi amene amakuvekani, kenaka inu mumawanena kwa anthu miliyoni osatuluka thukuta. Mwayi umenewo ine ndikanaupeza pansi pa mango paja!

Mukakafika kwa eni anu, musakawakalipire, mwina nawonso ali ndi bwana wowathamangitsa. Mukangowapempha kuti tsiku lina adzatsike sitima pa Wynberg Lamulungu masana, aime pa dzuwa kunja kwa siteshoni, abwereke foni yong'aluka ya munthu wa m'munda, achepetse kuwala, ndiye ayese kudzaza fomu yawo yomwe ndi dzina la Ng'ambi ndi pasipoti ya ku Malawi. Sindipempha Chichewa, ndikudziwa dziko lino lili kale ndi zinenero 12 zovomerezeka zimene zikudikira pamzere. Chingerezi chomwecho, koma cha munthu wolankhula ndi munthu mnzake: chalakwika n'chiyani, pati, ndipo ndichite chiyani. Akabwera adzandipeza pa kauntala, tiyi ndidzagula ine.

Ndalama za madala zinapita tsiku lomwelo cha m'ma 3 koloko, titalimbana nanu pafupifupi ola lathunthu. Anaima pambali kudikira uthenga wa kumudzi, foni ili kukhutu, chipewa chili m'manja. Atamva kuti zafika anandigulira chitini cha Stoney, n'kunena kuti mwezi wamawa adzabweranso chifukwa iwo zinthu zimenezi sazitha. Ndinawauza kuti amazitha, nambala analemba yoona. Anangogwedeza mutu, sanandikhulupirire. Mpaka lero amabwera mwezi ndi mwezi, amaika foni pa kauntala asanayese n'komwe.

Mupereke moni kwa a Batani ndi a Kiyibodi.

Ndine wanu,

Mphunzitsi wakale wa pafupi ndi siteshoni

Dzina sindilemba. Lili ndi nkhodolero, ndipo sindikufuna tiyambirenso.